Ndingalembe bwanji mbiri ya mayi anga amene anali mphunzitsi, mayi ndiponso agogo?

Funso

Mayi anga anamwalira miyezi 4 yapitayo ali ndi zaka 79. Anaphunzitsa ana a pulayimale kwa zaka 34, analera ife ana awo asanu, ndipo asiya zidzukulu 11. Abale anga andisankha kuti ndilembe mbiri yawo yoti idzawerengedwe tikadzasonkhana kuwakumbukira pakatha chaka, komanso yoti isungidwe kuti ana adzaiwerenge. Ndayesa kangapo, koma zimene ndalemba zikungomveka ngati kalata yofunsira ntchito: anabadwa chaka chakuti, anaphunzira kwakuti, anali achikondi ndi olimbikira. Ndikawerenga sindikuwapezamo mayi anga. Kuwonjezera apo, nthawi zina anali aukali kwambiri, ndipo achimwene anga aakulu amawakumbukira mosiyana ndi ine, amene ndine mwana wachitatu. Ndiyambire pati, ndipo kodi ndinene zonse?

Yankho

Pepani kwambiri, mayi, chifukwa cha imfa imeneyi, ndipo zikomo polemba funso lanu mosabisa mawu. Vuto limene mwafotokozali ndimakumana nalo pafupifupi nthawi iliyonse imene ndikuthandiza banja kulemba mbiri ya m'bale wawo, ndipo gwero lake si kusadziwa kulemba ayi. Gwero lake ndi mtundu wa mawu amene munthu amathamangira akakhala pachisoni. Kunena kuti malemu anali achikondi, olimbikira ntchito, odzichepetsa ndi ochereza n'zoona ndithu, koma mawu amenewa ali ngati malaya amene angamukwane aliyense: mutawachotsa pa mbiri ya mayi anu n'kukawaika pa mbiri ya mayi a munthu wina, palibe amene angazindikire kuti asunthidwa. Muyezo umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi wosavuta. Ngati chiganizo chimene mwalemba chingathe kuwerengedwa pa maliro a mphunzitsi wina aliyense popanda kusinthamo kanthu, ndiye kuti chiganizocho sichinafikebe pa mayi anu.

Chimene chimachititsa kuti omvera amuonenso munthu amene anamwalira ndi chinthu chimene iye anachita pa tsiku linalake, kwa munthu winawake, m'njira imene wina sakanachitira. Tiyerekeze kuti mayi anu ankatola tizidutswa ta mapensulo timene ana ataya, n'kumatisunga m'kachitini pa tebulo lawo, kuti mwana amene wabwera wopanda cholembera angotenga osachita manyazi kupempha. Mukalemba zimenezo simufunikanso kunena kuti ankakonda ana, pakuti aliyense wadzionera yekha, ndipo amene anadutsa m'kalasi mwawo adzagwedeza mutu chifukwa kachitiniko akukakumbukira. Zaka za kubadwa, za maphunziro ndi za ntchito zili ndi malo ake, ndipo muyenera kuzilemba molondola, koma ntchito yake ili ngati ya mizati ya nyumba, imene imagwira denga koma palibe mlendo amene amabwera kudzacheza nayo.

Chifukwa china chimene mukuwasowera mayi anu papepalapo n'chakuti mukuyesa kuwalemba nokha, chikhalirecho inuyo munaona mbali imodzi yokha ya moyo wawo. Inu ndi abale anu munkawaona ataweruka, atatopa, choko chili m'manja ndi pa zovala, atanyamula mulu wa makope oti achonge usiku. Ana ambiri a aphunzitsi amanena, ena moseka ena mowawidwa mtima, kuti kuleza mtima kwa makolo awo kunkathera kusukulu, ndipo kunyumba kunkangofika zotsalira. Ophunzira awo ankawaona m'mawa mphamvu zikadalipo, ataima kutsogolo kwa bolodi pa ntchito imene ankaidziwa bwino. Zidzukulu zinawapeza atapuma pa ntchito, atatula kale udindo wolanga, n'chifukwa chake mdzukulu akamasimba za kufatsa kwa agogo ake, mwana wobadwa kwa iwo amadabwa ngati akunenedwayo ndi munthu yemweyo. Tawerengerani nokha: ngati chaka chilichonse kalasi yawo inkakhala ndi ana 50, ndiye kuti pa zaka 34 ana 1,700 anadutsa m'manja mwawo. Ambiri mwa iwo lero ndi makolo, ndipo akusunga nkhani za mayi anu zimene inu simunazimvepo, zimene mwinanso eni akewo anaziiwala kalekale, popeza mphunzitsi akachitira mwana mmodzi kanthu kakang'ono amapitiriza ntchito yake, pamene mwanayo amakasunga mumtima moyo wake wonse.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha Albert Camus, wolemba mabuku amene anakulira mu umphawi mumzinda wa Algiers m'dziko la Algeria. Bambo ake anafera ku nkhondo mu 1914 iye ali khanda, mayi ake sankadziwa kuwerenga, ndipo agogo ake akazi, amene ndiwo ankalamulira pakhomopo, ankafuna kuti mnyamatayo akamaliza pulayimale akayambe ntchito. Mphunzitsi wake, Louis Germain, ndiye anapita kunyumbako kukachonderera kuti mwanayo aloledwe kulemba mayeso opezera thandizo la maphunziro a sekondale, ndipo anamukonzekeretsa ndi maphunziro apadera. Camus atapatsidwa mphoto ya Nobel, mphoto yapamwamba ya padziko lonse, pa ntchito yake yolemba mabuku mu 1957, analembera mphunzitsiyo kalata yomuuza kuti atamva za mphotoyo, munthu woyamba amene anamuganizira pambuyo pa mayi ake anali iyeyo. Apa n'kuti patapita zaka zoposa 30 chichokereni m'kalasi mwake. Ophunzira ambiri salemba kalata yotere, osati chifukwa chosayamika, koma chifukwa amaganiza kuti mphunzitsi wawo anawaiwala, kapena amayembekeza tsiku labwino lolembera mpaka amva za maliro. Kalata zosalembedwazo zikadali m'mitima mwawo, ndipo mukawafunsa inuyo adzakuuzani.

Choncho musanalembe chiganizo china, imani kaye ndi kuyamba kusonkhanitsa nkhani. Mwatsala ndi miyezi 8, yomwe ndi yokwanira, koma yambani ndi okalamba kwambiri: abale a malemu obadwa nawo ngati alipo, anzawo amene anaphunzira nawo za uphunzitsi, ndi aphunzitsi amene anagwira nawo ntchito m'zaka zoyambirira. Apa m'pamene mwambi wakuti zengerezu adalinda kwawukwawu umaluma kwambiri, pakuti mawu amene ndawamva kawirikawiri m'mabanja ndi akuti munthu amene ankadziwa zonse wangomwalira chaka chathachi. Musagwe ulesi poona kuti okalambawo amaiwala za dzulo. Akatswiri ofufuza za kukumbukira, kuphatikizapo David Rubin ndi anzake m'zaka za m'ma 1980, anapeza kuti anthu opitirira zaka 40 akafunsidwa za moyo wawo, zambiri zimene amakumbukira bwino zimachokera pa nthawi imene anali ndi zaka zapakati pa 10 ndi 30. Imeneyo ndiyo nthawi imene inu simunaione: utsikana wa mayi anu, mmene anasankhira uphunzitsi kapena mmene uphunzitsiwo unawagwera, sukulu yoyamba imene anatumizidwako, ndi mmene anadziwanirana ndi bambo anu.

Chezani ndi munthu aliyense payekha musanawasonkhanitse pamodzi. Kukhala pagulu kumasangalatsa, ndipo kumaoneka ngati wina akukumbutsa mnzake, koma kafukufuku wa Mary Weldon ndi Krystal Bellinger wa mu 1997 anasonyeza kuti anthu akamakumbukira pagulu amatulutsa zinthu zochepa poyerekeza ndi zimene zimapezeka mukaphatikiza zimene aliyense wakumbukira payekha. Munthu aliyense ali ndi kanjira kake kolondolera zimene anaona, ndipo wina akayamba kusimba, enawo amasiya tinjira tawo n'kutsatira kake. M'banja vutoli limakula, popeza wamkulu kapena wolankhulitsa akanena, ang'ono amangovomereza kuti n'zomwezo.

Samalaninso ndi kafunsidwe kanu, chifukwa funso limatha kuumba yankho. Mu 1974 Elizabeth Loftus ndi John Palmer anaonetsa anthu kanema wa ngozi ya magalimoto, kenaka anawafunsa za liwiro la magalimotowo, ena ndi mawu amphamvu otanthauza kuphwanyana, ena ndi mawu ofatsa otanthauza kugundana chabe. Gulu loyamba linatchula liwiro lalikulu kuposa linalo, ndipo patatha mlungu umodzi anthu 16 mwa 50 a m'gulu limenelo anati anaona magalasi osweka, pamene m'gulu linalo anali 7 okha, ngakhale kuti m'kanemamo munalibe magalasi osweka. Mukafunsa mphunzitsi wokalamba kuti, "Mayi anali achifundo kwambiri, si choncho?", iye adzavomera mwaulemu, ndipo mudzabwerera ndi mawu omwe aja munapita nawo. Mufunseni m'malo mwake kuti akuuzeni za tsiku limene anawaona koyamba, zimene ankanena mwana akalakwa samu yomweyo kachitatu, chimene chinawasekesa mpaka misozi, kapena nthawi imene anasemphana nawo maganizo ndi mmene nkhaniyo inathera. Tengani chithunzi chakale kapena kope lawo lokonzekerera maphunziro, chifukwa chinthu chogwirika m'manja chimatsegula pakamwa kuposa funso. Jambulani mawu pa foni mutapempha chilolezo, ndipo kumayambiriro tchulani dzina la wolankhulayo ndi tsiku. Munthu akakhala chete musathamangire kumufunsa china, pakuti nthawi zambiri nkhani yofunika imatuluka pambuyo pa kukhala chete kumeneko.

Pa zonse zimene mungasonkhanitse, ine ndimaika patsogolo mawu enieni amene malemu ankakonda kunena. Mphunzitsi aliyense amene wakhalitsa pa ntchito amakhala ndi timawu take toletsera phokoso, totamandira mwana amene wakhoza, ndi todzudzulira wochedwa, ndipo ophunzira ake amatha kutibwereza ndi kamvekedwe kake komwe ngakhale patapita zaka 40. Mayi aliyense alinso ndi kaitanidwe kake ka ana, kosiyana akakondwa ndi akakwiya. Lembani timawuti ndendende mmene ankatinenera, osatikonza kuti timveke bwino. Mukadzatiwerenga pa tsikulo, mudzaona anthu akuseka ndi kulira nthawi imodzi, chifukwa kwa kanthawi kochepa adzakhala awamva mayi anu akulankhula.

Za achimwene anu, ndikuchenjezeni kuti musalowe mumkangano wofuna kupeza amene akukumbukira zoona. Frederic Bartlett wa ku yunivesite ya Cambridge ku England anasonyeza kale mu 1932 kuti kukumbukira sikuli ngati kutsegula kabati n'kutulutsa chinthu mmene munachiikira. Anthu amene anawapatsa nthano kuti aibwereze patapita nthawi ankaifupikitsa, ankachotsamo zimene zinali zachilendo kwa iwo, ndipo ankaiumba kuti igwirizane ndi zimene ankadziwa kale. Inu ndi achimwene anu nonse mumachita zomwezo mosadziwa. Koma palinso chifukwa china chimene sichikhudzana ndi kuiwala, ndipo ndicho ndimachiona chachikulu: mwana woyamba ndi mwana wachitatu saleredwa mofanana ngakhale wowabereka ali mmodzi. Woyamba amapeza mayi wachitsikana amene akuphunzira kulera ndi kuphunzitsa nthawi imodzi, amene mwina ndalama zikumuvuta, ndiponso amene akuopa kuti anthu angaseke kuti mwana wa mphunzitsi walephera. N'kutheka kuti ukali umene achimwene anu akukumbukira unalipodi wonse, ndipo pofika nthawi yanu unali utazirala. Zinthu zimene zingatsimikizidwe, monga chaka chimene anayamba ntchito kapena sukulu imene anasamukirako, zitsimikizeni ndi masitifiketi, makalata a ntchito ndi a penshoni, kapena zolembedwa kuseri kwa zithunzi. Koma zimene munthu anamva mumtima sizikonzedwa ndi chikalata. Zilembeni m'dzina la mwini wake, monga kunena kuti achimwene athu aakulu amakumbukira zakuti, ndipo muwaonetse zimene mwalemba tsikulo lisanafike, kuti asadzamve koyamba pamaso pa anthu.

Tsopano funso lanu lomaliza, lakuti kodi munene zonse. Ine ndimalangiza kuti mulembe zinthu ziwiri, osati chimodzi. Choyamba ndi mawu aafupi owerengedwa pagulu, chachiwiri ndi mbiri yaitali yosungidwa m'banja, ndipo zambiri zimene sizingakwane kapena sizoyenera m'choyamba zili ndi malo m'chachiwiri. Komabe, ngakhale pa mawu apaguluwo, sindikugwirizana ndi zobisa ukali wawo. Aliyense amene adzakhale pamenepo ankaudziwa, ndipo mukadzafotokoza mayi wofatsa amene sanakwezepo mawu, anthu adzamvetsera mwaulemu koma mumtima adzadziwa kuti mukunena za munthu wina. Njira yabwino ndiyo kuonetsa ukaliwo kudzera m'nkhani imodzi imene ikusonyezanso chimene chinali kuseri kwake, monga mantha akuti mwana angataye mwayi umene iwo anaupeza movutikira. Kufotokoza gwero la khalidwe sikutanthauza kulivomereza, ndipo simukufunika kunena kuti chilango chilichonse chinali choyenera.

Pali chifukwa china chonenera zovuta, ndipo chikukhudza zidzukulu 11 zija. Marshall Duke ndi Robyn Fivush a ku yunivesite ya Emory mumzinda wa Atlanta anakonza mafunso 20 oyesera mmene ana amadziwira mbiri ya banja lawo, monga kumene agogo awo anakulira, mmene makolo awo anakumanirana, ndi mavuto amene banjalo linadutsamo. Anapeza kuti ana amene ankadziwa zambiri ankakhalanso odzidalira ndiponso osada nkhawa kwambiri. Sikuti kuloweza mayankhowo ndi mankhwala ayi, chifukwa chimene chimathandiza ndi banja lokhala pansi n'kumasimbirana. Duke anasiyanitsanso nkhani za mabanja m'mitundu itatu, ya kukwera kokhakokha, ya kutsika kokhakokha, ndi yosonyeza kuti banja linakwera, linagwa, n'kudzukanso, ndipo anaona kuti yachitatuyi ndiyo imalimbitsa ana. Mdzukulu amene adzalephere mayeso tsiku lina sadzathandizidwa ndi agogo opanda banga. Adzathandizidwa pomva kuti agogo akenso analepherapo, analira, kenaka anabwereza.

Malire alipo, ndipo ndi awa. Zinsinsi za anthu amene akadali moyo si zanu kuti muziulule, ngakhale zitakhala kuti zikuonetsa ubwino wa mayi anu. Ngati anathandiza wophunzira amene kwawo kunali umphawi waukulu kapena nkhanza, simbani nkhaniyo popanda dzina, pokhapokha mwini wake atalola. Tsatanetsatane wa matenda awo omaliza asatenge malo aakulu, chifukwa miyezi yodwala ndi kachigawo kakang'ono ka zaka 79, ngakhale kuti panopa ndi imene ikuoneka kwambiri m'maso mwanu. Ndipo ngati pali wina m'banjamo amene anapwetekedwa kwambiri, tsiku lokumbukira si bwalo loweruzira mlandu, koma musamukakamize kuimirira n'kutamanda, ndiponso musalembe mawu okana zimene zinamuchitikira.

Kakonzedwe ka mawu apaguluwo sikovuta mukakhala ndi nkhani m'manja. Mphindi 5 mpaka 7 n'zokwanira, ndipo njira yokhayo yodziwira kutalika kwake ndiyo kuwerenga mokweza muli ndi wotchi, pokumbukira kuti pa tsikulo mudzawerenga pang'onopang'ono kuposa kunyumba. Musayambe ndi tsiku lobadwa. Yambani ndi chithunzi chimodzi chimene aliyense angachizindikire, kaya ndi kayendedwe kawo popita kusukulu kapena timawu tija, ndipo zaka ndi malo zilowe m'kati mwa nkhani pamene zikufunika. Nkhani zitatu kapena zinayi zosimbidwa bwino zimaposa khumi zongotchulidwa. Ngati n'kotheka, perekani mpata kwa wophunzira wawo mmodzi ndi mdzukulu mmodzi kuti anene mbali zawo ndi pakamwa pawo, ndipo pakhale munthu amene ali ndi pepala lofanana ndi lanu, woti apitirize mawu akakutsamwani.

Pali ntchito ina imene siingadikire miyezi 8, ndipo ndikupemphani muichite mlungu uno. Anthu ambiri ofedwa amanena kuti chimene amaopa kwambiri kuiwala ndi mawu a womwalirayo, ndipo masiku ano mawuwo nthawi zambiri amakhala pa foni. WhatsApp kawirikawiri imafufuta akaunti imene yakhala masiku 120 osagwiritsidwa ntchito, ndipo masiku 120 ndiyo miyezi 4 imene mwatchulayo. Zimene zili m'foni momwemo zimakhalabe malinga pulogalamuyo sinachotsedwe, choncho foni ya mayi anu isapatsidwe kwa wina kapena kufufutidwa musanakopere zonse. Pemphaninso abale ndi anzawo kuti akutumizireni mauthenga a mawu amene analandira kwa iwo, ngakhale aafupi ongofunsa ngati mwafika bwino. Google nayonso ili ndi lamulo lakuti ikhoza kufufuta akaunti imene yakhala zaka 2 osatsegulidwa, ndipo nambala ya foni imene yasiya kugwira ntchito imaperekedwa kwa munthu wina pakapita nthawi. Facebook imalola kuti akaunti ya womwalira isandutsidwe yachikumbutso, koma zikatero palibenso amene angalowemo, ndiye banja ligwirizane kaye.

Mapepala ndi zithunzi adani ake ndi chinyezi, dzuwa ndi kutentha. Chotsani malabala ndi tizitsulo togwirira mapepala chifukwa timachita dzimbiri, ndipo musamatitse masitifiketi kapena makalata m'pulasitiki ndi makina otentha aja, popeza zikamatidwa sizimatukanso popanda kuwonongeka. Kuseri kwa chithunzi lembani ndi pensulo yofewa, osati bolopeni, mayina a onse amene ali pamenepo, ndipo chitani zimenezi okalamba aja akadalipo kuti akuuzeni. Zithunzi zing'onozing'ono zijambuleni pa scanner, makina okopera zithunzi kuti zilowe m'kompyuta, pa mlingo wa kuoneka bwino kwa chithunzi wa 600 dpi kuti zidzathe kukulitsidwa. Zonse zimene zili pa kompyuta zikhale m'makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi lisungidwe kunyumba ina. Musataye zolemba pamanja zooneka zachabe, monga ndemanga zimene ankalemba m'mphepete mwa makope a ana ndi inki yofiira, chifukwa kalembedwe ka munthu ndi kake yekha mofanana ndi mawu ake.

Ndisamalize osanena za inuyo, popeza amene akusonkhanitsa zonsezi ndi mwana wofedwa amene chilonda chake chikadali chachiwisi. Padzakhala masiku amene simudzafuna ngakhale kuona bokosi la zithunzi, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti mwafooka kapena kuti simunkawakonda. Margaret Stroebe ndi Henk Schut a ku yunivesite ya Utrecht ku Netherlands anafotokoza mu 1999 kuti munthu wofedwa amasinthasintha pakati pa kuyang'anizana ndi imfayo ndi kuika mtima pa moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo kusinthasintha kumeneko ndi mbali ya kuchira. Magawo asanu a chisoni amene anthu amakonda kutchula, ochokera kwa Elisabeth Kübler-Ross mu 1969, anatengedwa pocheza ndi odwala amene anali pafupi kumwalira, ndipo si ndondomeko yoti wofedwa aliyense adutsemo motsatana. Musaopenso kuti kubwerera ku nkhani za mayi anu kukulepheretsani kupitiriza moyo. Kale akatswiri ena ankaphunzitsa kuti wofedwa ayenera kudula chingwe chomumangiriza kwa womwalirayo, koma Dennis Klass, Phyllis Silverman ndi Steven Nickman anasonyeza mu 1996 kuti anthu ambiri amapitiriza ubalewo m'njira yatsopano, monga kudzifunsa kuti mayi akanati chiyani pa nkhani yakutiyakuti, ndipo zimenezi si matenda. Pamene muyenera kufuna thandizo kwa dokotala kapena mlangizi ndi pamene chisoni chachikulu chikupitirira tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali mpaka kukulepheretsani kugwira ntchito ndi kusamalira banja. Buku la matenda la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limatchula miyezi yosachepera 6, pamene la akatswiri a matenda a maganizo a ku America limatchula miyezi 12 kwa akuluakulu. Koma ngati mwayamba kuganiza zodzivulaza, musawerengere miyezi, funani thandizo tsiku lomwelo.

Zidzukulu zazing'ono musaziike pambali. Ana ambiri amayamba kumvetsa kuti imfa siibwereranso akafika zaka zapakati pa 5 ndi 7, ndipo ocheperapo amatenga mawu mmene anenedwera, kotero kuti mukawauza kuti agogo agona kapena apita ulendo, ena amaopa kugona ndipo ena amadikira pakhomo. Auzeni mofatsa kuti agogo anamwalira, kenaka afunseni chimene akukumbukira, n'kulemba yankho lawo mmene alinenera pamodzi ndi msinkhu wawo. Mwana wa zaka 6 amene wanena lero chiganizo chimodzi chokhudza agogo ake adzakhala atachiiwala akadzafika zaka 16, ndipo adzachipeza m'mbiri imeneyi. Ngati banja lidzafune tsiku lina lokumbukira uphunzitsi wawo, kupatula tsiku limene anamwalira, pa 5 Okutobala pamakhala tsiku la aphunzitsi padziko lonse, limene lakhala likukumbukiridwa kuyambira mu 1994, ndipo ndi tsiku labwino lowerengera ana zimene ophunzira a agogo awo ananena.

Mbiri yaitali ija musaisindikize tsiku losonkhana lisanafike. Mukadzangomaliza kuwerenga, anthu amene simunawafunse adzabwera kwa inu mmodzimmodzi, wina kuti akonze chaka chimene mwalakwitsa, wina kuti akuuzeni nkhani imene mawu anu amukumbutsa, ndipo inu mudzakhala mutatopa kwambiri moti simudzagwira zonse. Sankhiranitu mdzukulu mmodzi wamkulu amene adzakhale pambali panu ndi foni yodzaza moto ndi kope, ntchito yake ikhale yojambula mawu a anthuwo ndi kulemba mayina ndi manambala awo, kuti mudzawaimbire mlungu wotsatira.